Tsiku Limene Tinatulutsa Masofa ku George

Zaka zija kwacha inkangotsika ndipo magetsi ankabwera ngati mlendo wodutsa, ife ku komboni ya George tinkapanga sewero la pa foni. Tinkajambula Loweruka, anthu n'kumatumizirana magawo ake mpaka ku Matero, ku Chawama ndi kumidzi komwe. Nkhani yake inali ya wamatsenga wakalekale amene anagona m'phanga kwa mibadwo yambiri, n'kudzadzuka phangalo litasanduka komboni. Ndodo yake yamatsenga inkagwira ntchito pokhapokha magetsi akayaka, ndiye nthawi zambiri inali ndodo wamba yopirikitsira agalu. Bwenzi lake linali chinjoka cha mapiko chimene chinasiya kulavula moto chifukwa makala anakwera mtengo, n'kukalowa ukondakitala pa minibasi.

Mwini sewero anali mtsikana wojambula maukwati. Maukwati a phwando atayamba kuchepa, kamera yake inangokhala m'chikwama, ndiye anaganiza zoipezera ntchito ina. Chinjoka chinali kondakitala weniweni, chimunthu chachikulu chofatsa, chimene tinkachiveka majekete obiriwira a salaula, zovala zovalidwa kale zogula pamsika, ndi mapiko a maambulera othyoka. Ine ndinali wolemba. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma ndinkawerenga chilichonse chokhala ndi zilembo, makamaka mabuku oyalidwa pansi m'mbali mwa msewu m'tauni, opanda chikuto, ambiri opanda masamba omaliza. Motero ndinakula ndikudziwa bwino mmene nkhani zimayambira, koma mathero ndinkangolota. Pojambula ndinkagwiranso maikolofoni yomangirira ku mtengo wa chokolopera, ndipo anzanga ankati pa ntchito ziwirizo, yachiwiriyo ndiyo ndinkaitha.

Wamatsenga anali ba mudala. Tonse tinkawatchula choncho. Anali a ku Katete, aatali, a ndevu zoyera zawozawo zimene sitinafunike kumata. Anagwira ntchito kufakitale ina mpaka inatsekedwa, ndipo kuyambira pamenepo tsiku lawo linali kukhala pafupi ndi kantemba, kagolosale ka pakona, n'kumasewera nsolo. Anthu ankawadutsa ngati mmene amadutsira mtengo wa magetsi. Sewero litayamba zinthu zinasintha. Ana ankawalonjera mogwada, makondakitala ankawatsegulira mpando wakutsogolo, ndipo pa mpope amayi ankawasiyira mzere n'kuwapempha kuti aloze ndodo kumpopeko madzi atuluke mwamphamvu. Iwo sankanena kanthu za zimenezi, koma mkanjo wawo wa sewero ankausita okha ndi nsimbi ya makala.

Vuto linali pakamwa. Ndikawalembera mizere iwiri, iwo ankaiyamba bwinobwino, kenaka n'kukhotera ku mtengo wa ufa, ku mabwana a kufakitale, ku mathalauza a anyamata a masiku ano, osabwereranso. Zina zinali zoseketsa kuposa zanga, zimenezo ndikuvomera. Koma mabatire a kamera tinkakatchajitsa kwa wometa wina ku Matero magetsi akabwera kumeneko, ndipo ulaliki umodzi wa ba mudala unkamaliza batire. Oonera nawo ankadandaula kuti magawo ataliatali akuwathera mabandulo. Mwini sewero anawachonderera, anawakalipira mwaulemu, anayesa kuwaimika ndi dzanja, koma iwo dzanjalo ankaliona ngati lowalimbikitsa. Pomaliza anandiitana n'kundiuza kuti wamatsenga afe, chinjoka chitsale chokha.

Ndinalemba imfayo ndi mawu onse akuluakulu amene ndinatola m'mabuku. Ba mudala anawerenga pang'onopang'ono atakankhira magalasi kumapeto kwa mphuno. Atamaliza anafunsa ngati m'nkhani zoterezi akufa amabwerera. Mwini sewero anati ayi. Ndinayembekezera mkangano, koma iwo anangopinda pepalalo n'kuliika m'thumba la malaya.

"Chabwino, mwana wanga," anatero. "Mukajambulire kunyumba kwanga, nifere pa matiresi yanga. Anthu olira nizapeza ine. Na oyandikana nao nizawauza ine, imwe musavutike."

Tinachoka tikuyamikira mtima wawo wabwino.

Akazi awo ankagulitsa tomato, ndipo Loweruka ankalawirira ku msika wa Soweto kukaoda. Sewero sankalikonda. Ankati ndevu zimene iwo anazilemekeza ukwati wonse zasanduka choseweretsa ana. Choncho titafika m'mawa wa Loweruka n'kupeza amai kulibe, tinaona kuti zatiyendera bwino.

Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri, ndipo pabalaza panadzaza masofa akuluakulu ogulidwa nthawi ya fakitale. Magetsi kunalibe monga mwa masiku onse. Kuwala kunayenera kulowera pakhomo ndi pawindo, kamera inafuna malo, matiresi inafuna malo. Mwini sewero anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti masofa atuluke. Tinawanyamula ine ndi chinjoka, tinawaika pabwalo moyang'anizana bwinobwino kuti asatseke njira, n'kutulutsanso tebulo.

Tonsefe tinakulira m'komboni. Tonsefe tinkadziwa kuti masofa satuluka panja popanda chifukwa. Ukaona masofa pabwalo ndiye kuti mwina eni nyumba athamangitsa wa lendi, apo ayi pagwa maliro, abambo akhale panja amayi akhale pansi m'nyumba. Ndipo George yense ankadziwa kuti ba mudala nyumbayo anamanga okha. Koma m'mawa umenewo mitu yathu inali pa kuwala. Ine amene ndinkadzitama kuti ndimawerenga, ndinalemba chikalata cha maliro ndi masofa pabwalo osachiwerenga.

Tinawagoneka ba mudala pa matiresi, ndodo pambali, n'kuwafunda nsalu yoyera mpaka kumutu. Chinjoka tinachilowetsa kuchipinda chogona kuti chidikire kuitanidwa, chidzatuluke n'kunena mawu olira bwenzi lake amene ndinachilembera. Mwini sewero anabwera ndi azichemwali ake awiri oti ayambitse kulira. Anakhala pansi, anamanga mipango kumutu, kamera inayaka, n'kuyamba.

Sipanapite nthawi, pakhomo panafika amayi awiri atamanga zitenje mothina. Anavula masilipasi, analowa chokwawa, ndipo kulira kumene anatulutsa kunakwirira kwa azichemwali aja. Mwini sewero anandiyang'ana n'kugwedeza mutu mokhutira: ba mudala asunga lonjezo lawo. Analowanso ena, kenaka ena, mpaka ndinasowa poponda. Wina ankalira akutchula mmene malemu anamukonzera chitseko, wina ankafunsa kuti ana a pa mpope aziseka ndi ndani tsopano. Misozi inali yeniyeni, mamina enieni. Ine mumtima ndinkati zolemba zanga zagwira anthu, osakumbukira kuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atanena liwu la zimene ndinalemba.

Nditasuzumira pawindo ndinaona abambo atadzaza pa masofa, mitu ili pansi, ena atakhala pa mabenchi amene sindinadziwe kumene achokera. Wina anali atabweretsa nkhuni, wina mbaula. Amayi a kutchalitchi anafika pamodzi n'kuyambitsa nyimbo. Apa ndinayamba kukayika, chifukwa sindinkakhulupirira kuti ba mudala angathe kuphunzitsa anthu ochuluka chotero m'masiku ochepa. Ndinayang'ana maliro athu. Nsalu inali phee, koma kumapazi chala chachikulu chinkatsatira nyimbo.

Ndiye analowa mbuya wawo.

Ife akum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya. Timanyozana poyera popanda wokwiya: iwo amati ndife odya mbewa, ife timati iwo ndi odya anyani. Pa maliro a wakum'mawa, Abemba ndiwo amagwira ntchito, amapaka ofedwa ufa kumaso, ndipo ali ndi ufulu wonyoza malemu mmene angafunire, kuti chisoni chisaphe otsala. Amene analowawa anali bambo wamfupi wa ku Kasama, mnzawo wa ba mudala wa pa nsolo. Maso awo anali ofiira, koma anabwera kudzagwira ntchito yawo. M'manja anali ndi mbale ya ufa. Anandipaka ine kumaso, anapaka mwini sewero amene sanathe kuzinda chifukwa cha kamera, n'kukaima kumapazi kwa matiresi. Amayi anatsitsa kulira kuti amve.

"Iwe mbuya, nindani anakupatsa chilolezo? Ninakuuza kuti mbeba zoola zizakupweteka, manje waona."

Nsalu inali phee.

"Ndevu izi tisaike nazo, ni zabwino. Tizapangira tsache la pabwalo."

Amayi ena anaseka m'kati mwa misozi. Nsalu inali pheebe. Mbuya uja anapitiriza.

"Nidziwa chamene wathawa. Wathawa nsolo. Zaka zonse izi sunaniwinepo olo kamodzi."

Pansi pa nsalu panatuluka mawu odekha, omveka bwino mpaka kumaikolofoni yanga.

"Bodza. Dzulo lomwe ninakudya, wakudya anyani iwe."

Sindinadziwe kuti khomo laling'ono ngati lija lingatulutse amayi ochuluka chotero nthawi imodzi. Masilipasi anatsala m'mbuyo. Mbuya uja sanathawe. Mbale inamugwa, anangokhala pansi mu ufa wake womwe akuyang'ana nsalu ikudzuka. Kukuwa kwa amayi othawawo kunadzutsanso chinjoka, chimene chinali chitagona tulo kuchipinda chifukwa cha kutentha kwa majekete. Chinaganiza kuti nthawi yake yachipitirira, ndiye chinatuluka mwaliwiro, osaona bwino m'chigoba chake, n'kulunjika kumene kunali kuwala. Abambo a pa masofa anali ataimirira kuti afunse amayi chimene chachitika. Anangoona chinthu chobiriwira chitakodwa ndi mapiko pakhomo, chikulira ndi mawu aakulu za nyenyezi imene yazima ndi mtengo waukulu umene wagwa. Mawu anga okongola aja ananenedwa kamodzi kokha padziko lapansi, ndipo amene akanawamva anali akudumpha ngalande.

Anthu anabwerera pang'onopang'ono, oyamba anali ana. Chinjoka chitavula mutu n'kuoneka kuti ndi kondakitala wa tsiku ndi tsiku, ena anayamba kuseka, ena kutukwana, ena zonse pamodzi. Ba mudala anatuluka ndi mkanjo wawo wosita, anakhala pa sofa yawo n'kupempha madzi akumwa.

Kusekako kunatha amai atafika. Wina anali atawaimbira foni kumsika kulira kutangoyamba. Tomato anamusiya pansi pomwepo, anakwera minibasi akulira njira yonse, ndipo kuchokera pa siteji anathamanga nsapato zili m'manja. Anafika pabwalo n'kupeza amuna awo akumwa madzi. Sanakuwe. Anayandikira, anagwira ndevu zija, anagwira tsaya, kenaka anakhala pansi pafumbi n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Ba mudala anaika kapu pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni ndinawaona atasowa mawu.

Mlandu unazengedwa pomwepo, pa masofa omwewo, motsogozedwa ndi mayi wamkulu wa amayi a kutchalitchi. Mwini sewero anagwada, ufa uli kumaso, n'kufotokoza zonse ndi kupepesa. Ine ndinagwada pambali pake ndikuyesetsa kuoneka ngati munthu wongogwira mtengo wa chokolopera. Atafunsidwa ba mudala chifukwa chimene sanauzire anzawo oyandikana nawo, anati ndi ukalamba, anaiwala. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti dzulo lake madzulo ba mudala anabwera kudzabwereka mabenchi, osanena ntchito yake. Iwo anayankha kuti kuiwala kwa ukalamba kumatero, umakumbukira mabenchi n'kuiwala chifukwa chake.

Mbuya uja, atadzuka mu ufa wake, anati iye mlandu wake ndi wapadera. Manyozo ake abwino kwambiri, amene anawasunga zaka zambiri kudikira tsiku limeneli, wawataya pachabe, ndipo tsiku lenileni likadzafika adzasowa chonena. Anafuna nkhuku. Anthu anagwirizana kuti akuyenera kulandira.

Kenaka amai anachotsa chitenje kumaso. Analankhula motsitsa, osayang'ana aliyense. Anati mkanjo uja uwotchedwe pa mbaula imene yabwera kaleyi, ndodo ikhale nkhuni, ndipo kamera isadzapondenso pakhomo pawo. Amuna awo abwerere ku nsolo.

Ba mudala anaweramitsa mutu. Ife tinkafuna kungowachotsa m'sewero ndi ulemu, iwo anafuna kutionetsa kuti George sangalole, ndipo tsopano zinathera poipa kuposa zimene tonse tinkaganiza. Zala zawo zinkasisita mpendero wa mkanjo. Mtsikana wina anali atayamba kale kukupiza mbaula.

Foni ya amai inalira. Anali achemwali a ba mudala ku Katete, akulira, akuti ali kale pa siteji kudikira basi. Amai anawauza kuti achimwene awo ali moyo, akumwa madzi. Kunamveka kuti sakukhulupirira. Anapatsira foni ba mudala, iwo analonjera, koma achemwaliwo anati mawu amafanana, pali chimene mlamu akubisa. Itangoduka inalira ina ya ku Chawama, kenaka ya ku Kitwe. Wa ku Kitweyo, mng'ono wawo wa ba mudala, atapepesa mwachidule, anafunsa ngati masofa asungidwa pabwino kuti asanyowe, poti abale akubwera kudzaona za katundu. Amai anayang'ana foniyo nthawi yaitali.

Mayi wamkulu uja ndiye ananena zimene ambiri ankaganiza. Anati kulira munthu wamoyo n'kumuitanira, ndipo misozi imene yagwa lero izimufunafuna mwini wake ngati anthu sakumuona akuyenda. Zimene zajambulidwa zifufutidwe onse akuona, ndipo wamatsenga uja asafe, m'sewero kapena kwina kulikonse. Mwini sewero anafufuta pomwepo, mbuya ataima pambuyo pake ngati mboni. Ndinamuona akuluma mlomo, chifukwa kulira kokoma ngati kuja sakanadzakupezanso.

Amai anaitana mwini sewero ndi chala kuti asendere pafupi. Anamufunsa ngati zinthu zakezo zimafika ku Katete. Iye anati zimafika. Ku Kitwe? Kumenekonso. Anayang'ana amuna awo, kenaka mbaula, kenaka masofa.

"Leka moto uyo," anauza mtsikana wokupiza mbaula uja. Anatembenukira kwa mwini sewero. "Muziwajambula sabata iliyonse, abale awo aone kuti sininaphe munthu. Koma ali chiimire. Asagone, asatseke maso, musawafunde chilichonse. Mukalakwitsa kamodzi, kamera iyo nizaiphika."

Mwini sewero anavomera, koma anayesa kutchulako mwaulemu nkhani ya maulaliki ndi mabatire. Amai anati zimenezo azisiye m'manja mwawo, iwo akhala akudula maulaliki amenewo kuyambira iye asanabadwe, ndipo azibwera okha pojambula. Ba mudala sanadzutse mutu, koma ndevu zawo zinkagwedezeka mokayikitsa.

Masofa tinawabwezera m'nyumba ine ndi chinjoka, ndipo ankalemera kuposa m'mawa. Nkhuni ndi ufa zimene anthu anabweretsa tinazibweza khomo ndi khomo, ba mudala ali patsogolo ndi mkanjo wawo kuti aliyense awaone, mbuya ali pambuyo akulengeza kuti ngakhale kumanda odya mbewa akuwakana. Achemwali a ku Katete anafikabe mawa lake. Anakhala sabata yathunthu kuti atsimikize.

Loweruka lotsatira tinajambula kuseri kwa mpope. Ndinali nditalemba gawo latsopano mothamanga, ndipo mwa chizolowezi ndinaikamo malo amene chinjoka chikutembenuka mwadzidzidzi n'kugwetsa wamatsenga ndi mchira. Palibe anazindikira mpaka nthawi itakwana. Amai anali atakhala pa chigubu kumbuyo kwa kamera, beseni la tomato pamiyendo, akusankha owola. Chinjoka chinatembenuka, mchira wa masiponji unamenya ba mudala pachifuwa, iwo anayamba kupinda maondo mwaluso lonse, maso akupita m'mwamba.

Amai anatsokomola kamodzi, osadzutsa mutu pa tomato.

Ba mudala anaima pakati pa kugwa, anawongoka pang'onopang'ono, anatsamira mgolo wa madzi maso ali tong'o, n'kuuza chinjoka kuti amatsenga a nthawi yawo ankakomoka chiimire.